Nyumba nayonso imafuna nambala yake

Ambiri a ife timayenda ndi nambala ziwiri m'thumba. Ina imayamba ndi 088, ina 099, ndipo timadziwa bwino yomwe imagwira kuhositelo, yomwe ili ndi bandulo yotsika mtengo sabata ino, ndi yomwe tinapatsa munthu amene anatikongoza ndalama. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, koma pankhani ya foni Amalawi tinautsutsa mwambiwu, chifukwa wa simu imodzi ndiye amavumbwa. Chodabwitsa n'choti pamene munthu mmodzi ali ndi nambala ziwiri kapena zitatu, nyumba imene anakuliramo ilibe nambala ngakhale imodzi. Ukati ndiimbe kwathu, kwenikweni umaimbira munthu, n'kumapemphera kuti munthuyo apezeke ali pakhomo.

M'matauni kale munali lamya za waya, zomwe kuyambira mu 2000 zinali m'manja mwa MTL. Nambala yake inali ya khomo lonse: ikalira, aliyense amene ali pafupi ankayankha. Kumidzi yambiri wayayo sanafike n'komwe. TNM itabwera mu 1995, Celtel n'kutsatira mu 1999, yomwe inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010, ife a kumudzi tinangochoka pa kalata ndi mauthenga achisoni a pa wailesi n'kufikira pa foni ya m'manja. Mu 2018 MACRA inalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, ndipo kuyambira pamenepo nambala inakhala ya munthu mmodzi wokhala ndi chiphaso chake. Zimenezi zili ndi ubwino wake. Koma zinasiya kunja anthu amene foni ya m'manja sigwirizana nawo: okalamba, osaona bwino, ndi onse amene amatsala pakhomo eni mafoni akachoka.

Kwathu ndi ku Nkando, mumsewu wa Midima wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje. Pakhomo pathu pali nyumba zitatu. Kutsogolo kuli kagolosale ka amayi, pakati nyumba yaikulu, kumbuyo kanyumba ka agogo aakazi. Achimwene anga aakulu ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo ndiwo amatilipirira zambiri, kuphatikizapo gawo la fizi yanga ku Zomba. Agogo ndiwo anawalera. Maso a agogo anachita khungu pang'ono, ndipo foni yopalasa ndi chala imawasokoneza: akafuna kuyankha amadula, akafuna kudula amayatsa tochi. Ya mabatani ankaiiwala pansi pa mtsamiro mpaka moto kutha. Choncho achimwene akafuna kuyankhula ndi agogo ankaimbira amayi. Koma amayi amakhala apita kukapikula katundu ku Limbe, kapena ali kumaliro, kapena ali ndi makasitomala asanu pa kauntala. Mwezi unkatha agogo osamva mawu a mdzukulu wawo, ndipo anayamba kunena kuti Joni inawameza.

Tchuthi china achimwene anatumiza kabokosi kudzera mwa mnzawo amene ankabwera pa basi. Kanali kakang'ono ngati mtanda wa sopo, kolembedwa Grandstream HT802. Uthenga wake unali wachidule: "Iwe ndi wa ku yunivesite, ukalumikize." Ine ndimaphunzira mbiri ndi filosofi. Koma inu nonse mukudziwa kuti kumudzi aliyense amene anapita ku koleji ndi dokotala, loya komanso injiniya nthawi imodzi.

Kabokosika amakatchula ATA, koma ife tinangokatcha adaputa. Ntchito yake ndi imodzi: kulumikiza foni yakale ya patebulo ku intaneti. Kumbuyo kwake kuli bowo limodzi lalikulu la waya wochokera ku rauta, ndi mabowo awiri aang'ono a mafoni. Bowo lililonse ndi layini payokha, yokhala ndi nambala yake, dzina lake lolowera ndi pasiwedi yake. Nambalazo sizichokera mu simu. Umazipeza kwa kampani yopereka lamya za pa intaneti, ndipo kabokosi kamadzilembetsa kwa kampaniyo pogwiritsa ntchito njira yotchedwa SIP. Ku South Africa nambala zoterezi zimayamba ndi 087. Apa ndiye pali nzeru yonse: kampaniyo ilibe nazo ntchito zoti kabokosi kali ku Hillbrow kapena ku Nkando. Achimwene akaimba nambala ya 087 amalipira ngati akuimba mkati mwa dziko lomwelo, koma foni imalira kumbuyo kwa nyumba yathu, pafupi ndi khola la nkhuku.

Ndisanabaye waya ngakhale mmodzi panali mafunso atatu ofunika kuyankha, ndipo ndikuganiza kuti aliyense wofuna kuchita zomwezi ayambe ndi amenewa, osati ndi dzina la kabokosi.

Loyamba: malayini angati, ndipo a yani? Munthu angaganize kuti nyumba imodzi imakwana ndi layini imodzi. Amayi anakana. Nkhani zimene iwo amakambirana ndi achimwene ndi za ndalama, za ngongole ya feteleza, za matenda a agogo eni akewo. Nkhani za agogo ndi achimwene ndi zina: amayankhula Chilomwe kwa ola lathunthu, za anthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Malayini awiri a pa adaputa anagawidwa motero, woyamba wa agogo, wachiwiri wa m'nyumba yaikulu. Koma panatsala golosale. Kasitomala wa pa Nkando kapena woperekera katundu wa ku Limbe sangaimbe nambala ya 087, chifukwa kwa iye kumeneko ndi kuimba kunja kwa dziko. Layini ya bizinesi iyenera kukhala ya konkuno. Mwamwayi marauta ena olowa simu, monga Huawei B315, ali ndi bowo lawolawo la foni. Ukabayapo foni ya patebulo, imagwiritsa ntchito nambala ya simu yomwe ili mu rautayo, ndipo woimba amalipira monga mwa masiku onse. Motero tinakhala ndi malayini atatu pa mabokosi awiri: ziwiri za ku South Africa, imodzi ya ku Malawi.

Pogula rauta yotere pali chinthu chimodzi choyenera kufunsa. Marauta ena, foni yake ikalira, amatsika kuchoka pa 4G kupita pa netiweki yakale kuti mawu adutse, ndipo intaneti imachedwa kapena kuima kaye. Zikatero, kasitomala wofunsa mtengo wa shuga akhoza kudula nkhani ya agogo pakati. Musanapereke ndalama yesani pomwepo: muimbire rautayo uku wina akutsegula intaneti, muone chimene chichitike.

Funso lachiwiri ndi la magetsi. Lamya yakale ya waya inkalandira mphamvu kuchokera ku ofesi ya lamya kudzera mu waya womwewo, n'chifukwa chake inkalira ngakhale mudzi wonse uli mumdima. Adaputa satero. Magetsi akazima, rauta imazima, adaputa imazima, malayini onse atatu amafera limodzi. Ubwino wake n'ngwakuti mabokosiwa sadya zambiri. Onse awiri pamodzi safika pa babu limodzi lakale la mawati 40. Adaputa yathu imafuna mavoti 5, monga chaja ya foni, ndipo rauta imafuna 12. Tinawalumikiza ku batire la sola lomwe amayi anali nalo kale lounikira mugolosale. Pa chifukwa chomwechi tinasankha mafoni wamba a chingwe, amene amatenga mphamvu ku adaputa, osati opanda chingwe aja amene amafuna soketi yawoyawo. A chingwewo amapezeka pa kaunjika wa zamagetsi ku Limbe, otayidwa ndi maofesi.

Komabe pali malire amene batire silingadutse. Aliyense wa ku Mulanje ndi Phalombe akukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mapolo, kukokolola milatho ndi kukwirira midzi. Nsanja ya netiweki ikakhala chete, kabokosi kalikonse ndi chidole. Foni ya mabatani yokhala ndi simu ziwiri komanso wailesi ya mabatire zisachoke m'nyumba chifukwa choti mwagula zatsopano.

Funso lachitatu ndi lomwe mabanja ambiri amaliopa: alipira ndani mwezi ndi mwezi? Kugula bokosi n'kamodzi, koma bandulo imatha ngati ufa. Nambala ziwiri za 087 amalipira achimwene mu marandi, ndipo zimenezi zinatipulumutsa, chifukwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cholipira kunja chinalemera. Bandulo ya rauta ndi ya amayi, kuchokera mugolosale. Ndinawerengera kuti ndiwatsimikizire. Adaputa imakulola kusankha mmene mawu azipakidwira asanatumizidwe. Njira yotchedwa G.711 imamveka bwino kwambiri koma imadya pafupifupi 70 MB pa ola. Ya G.729 imadya pafupifupi 20 MB pa ola, mawu ake n'kumamveka owuma pang'ono. Kwa agogo ndinaika yoyambayo, chifukwa makutu awo akufunika thandizo lonse limene lingapezeke. Ngakhale atayankhula ola limodzi sabata iliyonse, mwezi wonse safika theka la 1 GB. Amene amamaliza bandulo si agogo. Ndi mphwanga wa Fomu 2 ndi mavidiyo ake a TikTok. Pasiwedi ya WiFi inakhala chinsinsi cha anthu awiri, ndipo iye sali m'gulumo.

Kulumikiza kwenikweniko kunatenga masana amodzi. Choyamba ndinayendayenda ndi rauta m'nyumba monse kufuna pamene netiweki ikugwira kwambiri, ndipo panapezeka pa zenera la kuchipinda chodyera, pamwamba pa kabati, kutali ndi malata. Ndinabaya waya kuchoka pa rauta kupita ku adaputa, n'kubaya foni pa bowo loyamba. Pa mabokosi a Grandstream, ukanyamula foni n'kudina nyenyezi katatu umamva mawu a mzimayi wachingerezi. Ukadina 02 amakuwerengera adiresi ya kabokosiko. Adiresiyo umailemba pa foni kapena laputopu yolumikizidwa ku rauta yomweyo, ndipo pamatseguka tsamba lokhala ndi gawo la bowo loyamba ndi la bowo lachiwiri. M'gawo lililonse umalemba zinthu zitatu zimene kampani inapereka: dzina la seva, nambala, ndi pasiwedi. Ukasunga, tsamba limakuuza ngati layini yalembetsedwa.

Pali zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene zimavutitsa anthu ogwiritsa ntchito intaneti ya pa simu. Makampani a mafoni amaika makasitomala ambirimbiri kumbuyo kwa adiresi imodzi, ndiye kabokosi kakakhala chete nthawi yaitali, njira yobwerera kwa iko imatsekeka. Zotsatira zake, iwe ukhoza kuimba koma ena akakuimbira sikalira. Mankhwala ake ndi kuyatsa pamene palembedwa kuti keep-alive ndi kufupikitsa nthawi yodzilembetsanso kuti ikhale mphindi zochepa, kuti kabokosi kazikhala kakugogoda pafupipafupi. Chachiwiri, marauta ambiri ali ndi kanthu kotchedwa SIP ALG, komwe cholinga chake n'kuthandiza koma nthawi zambiri kamachititsa kuti mawu azimveka mbali imodzi. Muzimitse. Ndipo musatseke tsambalo musanasinthe pasiwedi imene bokosi linabwera nayo. Pa intaneti pali akuba amene ntchito yawo ndi kusaka mabokosi otere kuti aziimbira kunja pa akaunti za eni ake. Achimwene amaikamo ndalama zochepa zolipiriratu, kuti wakuba akalowa apeze mbale yosatsala kanthu.

Waya wopita kwa agogo tinauyendetsa m'paipi ya pulasitiki pansi pa nthaka, mamita pafupifupi makumi awiri. Kuupachika m'mwamba kukanakhala kosavuta, koma mvula ya ku Mulanje imabwera ndi ziphaliwali, komanso ana a pakhomo akanauyesa chingwe choyanikapo zovala.

Nkhani yovuta kwambiri sinali ya mawaya. Adaputa ili ndi njira yoti munthu akangonyamula foni, iyo yokha iimbe nambala imodzi yoikidwiratu, popanda kudina batani lililonse. Kwa agogo zimenezi zinali zofunika kuposa china chilichonse. Koma nambala yake ikhale ya yani? Amayi anati ikhale ya m'nyumba yaikulu, chifukwa agogo amadwala BP, ndipo akagwa usiku wothandiza ndi amene ali pafupi. Achimwene, pa WhatsApp, anavomereza monyinyirika. Tinakambirana madzulo awiri, mwini foni atakhala pa mkeka akusenda nandolo, palibe amene anawafunsa. Tsiku lachitatu ndinagwada pafupi nawo.

"Agogo, mukanyamula foniyi izilira kuti? Kwa amayi kapena ku Joni?"

"Iwe, amako ndikawakuwira sakumva?"

"Amamva, agogo."

"Nanga ku Joni ndingakuweko?"

Nkhani inathera pomwepo. Ya usiku tinaithetsa mwa njira yakale: mdzukulu mmodzi azigona kwa agogo, monga zinkakhalira adaputa isanabwere.

Anzanga ku Zomba nditawafotokozera zimenezi anaseka. WhatsApp ilipo, bwanji kuvutika ndi mabokosi ndi mapaipi? Funsoli n'lomveka, ndipo kwa ine ndi inu yankho lake ndi loti palibe chifukwa. Koma WhatsApp imafuna foni yodula, maso akuthwa, chala chozolowera, ndi munthu wokumbukira kutchaja. Imafunanso kuti foniyo ikhale pakhomo, pamene foni yodula ndiyo imayamba kutuluka pakhomo. Mukagulira agogo foni yamakono, pakatha sabata ziwiri imakhala ili m'thumba la mdzukulu, ndipo agogo amayamba kupempha chilolezo kuti ayankhule pa foni yawo yomwe. Foni ya chingwe palibe amene amaisirira. Singapite ku dansi, singajambule zithunzi, singagulitsidwe pa msika wa Nkando. Kusakongola kwakeko ndiko kumaisunga m'manja mwa mwini wake.

Sindikunena kuti banja lililonse lithamangire adaputa. Njirayi ili ndi mavuto ake. Layini ya 087 ndi ya ku South Africa, choncho nambala zangozi za kuno siziyenda pamenepo, ndipo Mpamba kapena Airtel Money sizingagwirepo. Imadaliranso munthu mmodzi amene ali kutali: tsiku limene achimwene ntchito idzawathere, kapena mapepala adzawavute, malayini awiri aja adzangoti zii. Walira mvula walira matope. Banja lopanda wachibale kunja silikufunika nambala yakunja. Rauta yokhala ndi bowo la foni, kapena foni ya patebulo yolowa simu, ikukwanira ndipo n'njotsika mtengo. Ndipo amene angaganize zotsegula bizinesi yoimbitsa anthu pa kabokosi kotere adziwe kuti kugulitsa ntchito za lamya ndi nkhani ya chiphaso cha MACRA, osati ya pakhonde.

Palinso mtengo wina wosawerengeka mu makwacha. Foni ya patebulo ilibe chinsinsi. Ikalira, khomo lonse limadziwa, ndipo wodutsa amamva theka la nkhani. Mlongo wanga amaizemba, ndipo ndimamumvetsa. Ife tinakula tikudziwa kuti foni ndi chipinda chako chamseri. Koma kwa agogo zimenezi ndiye zokoma. Foni yawo ikalira Lamlungu masana, anzawo awiri oyandikana nawo amabwera kudzakhala pakhonde, aliyense n'kupatsidwa mpata wopereka moni ku Joni. Achimwene amati tsopano amadziwa za maliro, za maukwati ndi za mtengo wa chimanga msanga kuposa ine amene ndili ku Zomba.

Ife ophunzira timakonda kuyeza chipangizo ndi zimene chingathe kuchita. Kumudzi chimayezedwa ndi zimene chimachita iwe utachoka. Tchuthi chimatha, wa ku yunivesite amakwera minibasi, ndipo otsala amakhala ndi bokosi lothwanima magetsi obiriwira lomwe sadziwa chiyankhulo chake. N'chifukwa chake ndisananyamuke ndinakhala pansi ndi mlongo wanga wamng'ono, wa Sitandade 8, n'kumuphunzitsa zinthu zinayi, zomwe analemba yekha pa katoni n'kumata pa kabati. Foni ikakhala chete, yang'ana batire. Batire likakhala bwino, yang'ana bandulo. Bandulo ikakhalapo, zimitsa rauta ndi adaputa, uwerenge mpaka makumi atatu, uyatse rauta kaye, adaputa pambuyo. Zikakanika zonsezi, ndiflashe. Semesita yonse yapitayi anandiflasha kawiri, ndipo kamodzi mwa kawiriko inali mbuzi imene inafukula paipi.

Ambiri a inu mupita kwanu tchuthi chikubwerachi, ndipo wina adzakupatsani kabokosi, foni kapena sola kuti mulumikize, poti ndinu ophunzira. Musanatsegule katoni, yendani pakhomopo muwerenge anthu amene alibe njira yoimbira kapena yoimbiridwa mwini foni akachoka. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi amene amakhala pakhomo tsiku lonse. Afunseni iwowo kuti foni ikalira akufuna imveke kuti.